Ndime Yachisanu ndi Chiwiri

Pa ndime yachisanu ndi chiwiri fomu ikuti:
fotokozani zosowa zanu, musapyole mawu zana.
Brunilda Ossandón waluma cholembera.
Kunja, Copiapó wafunda fumbi lake, wagona,
galu mmodzi yekha akuuwa malole a kumgodi.

Alembe chiyani?
Kuti telesikopu ya koleji ili ndi ng'ala m'diso,
galasi lake linang'aluka chaka cha chivomezi
ndipo mpaka lero mwezi umatuluka iwiri
monga chidakwa chionera nyali?
Kuti makina oyeza kunjenjemera kwa nthaka
anafa popanda wowalira,
m'malo mwake patebulo pali tambula ya madzi,
madziwo akayamba kuvina
ophunzira amayang'ana wotchi n'kulemba nthawi?

Wawerenga mawu. Apyola kale theka.

Kumapiri uko, maola atatu pagalimoto,
kuli nyumba zoyera, zobulungira ngati mazira a nthiwatiwa.
M'kati mwake maso aakulu a mayiko olemera
amakolola nyenyezi usiku wonse.
Thambo ndi lomweli, iye anabadwira pansi pake,
koma dengu lili ndi alendo.
Ophunzira ake amalowako kamodzi pachaka, masana dzuwa likuswa mtengo,
manja kumbuyo, akuuzidwa kuti musakhudze.

Chaka chatha komiti inayankha mwaulemu:
pempho lanu n'labwino, thumba ndilo lachepa.
Chaka chinacho inati palibe chidindo patsamba lachitatu.
Kupempha si kuba, amatero,
koma kumatha nsapato.

Lachiwiri Yerko Alquinta anabwera ndi mwala m'sokosi,
wobiriwira, wolemera kuposa maonekedwe ake.
"Bambo anaubisa m'kabokosi ka chakudya potuluka mumgodi.
Akuti muuike pamodzi ndi inzake."
Umo ndi mmene shelefu inadzazira:
makatoni a nsapato, lililonse ndi nyengo yake ya dziko,
mchere, sulufule, phulusa la phiri louma gwa,
zigoba za nkhono zotoledwa pakati pa chipululu
zochitira umboni kuti pano panali nyanja
kusanakhale munthu wolemba fomu.
Palibe komiti inagula zimenezi.

Lachisanu usiku amakwera minibasi ya matayala osalala,
dizilo wochokera pa malipiro ake,
mpaka pamene magetsi a tauni amathera.
Kuzizira kumaluma makutu.
Tochi yolozera ilibe mabatire, amaloza ndi chala.
Ximena, amene m'kalasi satsegula pakamwa,
anafunsa kuti kuwala kwa nyenyezi iyo kunanyamuka liti.
"Tauni yathu isanamangidwe. Kwangofika lero."
Kunali zii.
Kenaka Yerko ali m'bulangete anati,
"Basi ndalama zathunso zinanyamuka, aphunzitsi.
Zili m'njira."
Anaseka mpaka kukhosomola,
phokoso lawo likusowa pogunda m'chipululu chonsecho.

Zimenezo sizikwana mu ndime yachisanu ndi chiwiri.
Mulibe malo olembamo nkhope ya Ximena
italoza kumwamba, kukamwa yasa,
kapena bambo wotuluka pansi pa nthaka
atanyamulira mwana wake phunziro pakati pa buledi ndi anyezi.

Wafufuta zonse. Walemba mwachidule:
Matayala anayi.
Galasi limodzi la telesikopu.
Mabatire.
Dizilo wa maulendo asanu ndi limodzi.
Patsala mawu ambiri osagwira ntchito,
wawasiya, mwina komiti ikonda munthu wosunga.

Ndiye tambula ija yayamba.
Pang'ono chabe, mizere yopyapyala pamwamba pa madzi,
supuni ikulira m'kapu ya tiyi wozizira.
Dzanja lake silinafunse:
diso pa wotchi, cholembera papepala,
mphindi khumi ndi zisanu ndi ziwiri itakwana wani koloko,
masekondi asanu ndi anayi.

Madzi akhala bata. Galu watonthola.
Wayang'ana pamene walemba:
ndi pa fomu, m'bokosi lakuti
musalembe kanthu apa, n'pa ofesi.

Tsambalo lifunika kusindikizanso.
Ndipo inki inatha Lolemba.